Mmene Ndinajambulitsira Dzanja Langa pa MRI Chifukwa cha Nyamakazi

Nyamakazi yotupitsa mfundo za m'manja, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, ikamayamba siioneka pa X-ray. X-ray imaona fupa, ndipo fupa limadzayamba kudyeka matenda atakhazikika kale. Ine ndimasoka zovala. M'mawa zala zinkauma kupitirira ola lathunthu, moti kugwira sizasi kunali nkhondo, koma chithunzi cha X-ray chinatuluka chopanda banga. Magazi nawo sanathetse nkhani. CRP, imene imakwera m'thupi mukakhala kutupa, inali yokwererapo, koma rheumatoid factor ndi anti-CCP, zizindikiro za nyamakaziyi zimene amafufuza m'magazi, sizinapezeke. Adokotala anati alipo odwala nyamakaziyi amene magazi awo saulula kanthu, choncho asanandiyambitse mankhwala amphamvu ankafuna aone kaye mkati mwa dzanjalo. Anandilembera kalata ya MRI, makina ojambula mkati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito.

Makina amenewa simungawapeze pachipatala cha boma cha kwanu kumudzi, muyenera kupita mumzinda. Oyamba m'Malawi muno anafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo chinawabweretsa ndi kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana. Ndiye muyambe mwafunsa komwe akugwira ntchito panopa, mtengo wake, ndi tsiku limene angakupatseni, musanakwere basi.

Tsiku lisanafike ananditumiza kukayezetsa impso. Chifukwa chake n'chakuti pojambula kutupa amabaya mankhwala otchedwa gadolinium mumtsempha, ndipo amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Amene impso zake zafooka kwambiri amamuganizira njira ina. Pepala la zotsatira za creatinine, muyeso wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, mulitenge, adzalifuna. Chakudya ndinadya monga mwa masiku onse.

Nditafika anandipatsa fomu ya mafunso. Kodi muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda? Munaikidwapo chitsulo m'thupi pa opaleshoni? Kachitsulo kanakulowanipo m'diso? Muli ndi pakati? Funso la diso lija likukhudza kwambiri abambo owotcherera ndi onola zitsulo. Musayankhe mongothamanga. MRI ndi maginito aakulu zedi, ndipo sazimitsidwa, ali chiyakire usana ndi usiku ngakhale pamene sakujambula munthu. Chitsulo chikayandikira amachikoka mwamphamvu. Ndolo, mphete, foni, khadi la ku banki, mapini a m'duku, zonse zinatsala m'kabokosi kunja. Namwino anandikokera pambali n'kundinong'oneza: "Mayi, ngati mwavala mikanda m'chiuno, muvulenso, ina imakhala ndi waya." Anandipatsa gauni ya chipatala, n'kundiika kanula, kapaipi kobayira mankhwala mumtsempha, pamkono umene sankaujambula.

Chimene palibe anandichenjeza bwino ndi kagonedwe. Pojambula dzanja anandigoneka chafufumimba, mkono wodwalawo nditautambasula kutsogolo kupitirira mutu, kuti dzanja likhale pakatikati pa maginito pomwe chithunzi chimatuluka bwino. Dzanjalo analitsekera m'kachipangizo kolandira mauthenga ochokera m'thupi, n'kulitchinjiriza ndi timapilo kuti lisasunthe. Kwa munthu wa nyamakazi, phewa limayamba kudandaula msanga. Ngati pilo sanakhale bwino nenani nthawi yomweyo asanayambe, chifukwa akayamba, kugwedezeka pang'ono kumaononga chithunzi ndipo amabwereza chigawo chonsecho. Mankhwala opha ululu amene mumamwa kale, funsani adokotala ngati mungamwe musanapite. Ine anandiloleza ndipo zinathandiza.

Anandipatsa zotseka m'makutu ndi kampira kofinya ndikafuna thandizo, bedi n'kulowa m'kati mwa mphako ya makinawo. Phokoso lake ndi la chigayo, likugogoda, kusiya, kuyambanso ndi kamvekedwe kena. Kusintha kulikonse ndiye kuti ayamba mtundu wina wa chithunzi. Palibe chimene chimakukhudza kapena kupweteka, ndipo mulibe cheza chonga cha X-ray. Makinawa amagwiritsa ntchito maginito ndi mafunde a wailesi kumvetsera madzi amene ali m'minofu. Pamalo potupa pamadzaza madzi, ndiye pazithunzi zina pamawala kuposa pozungulira. Wojambula ankandilankhula pa sipika: "Mukuchita bwino mayi, musagwedezeke, tatsala pang'ono." Chakumapeto anabaya gadolinium ija. Ndinangomva kuzizira kukwera mumkono, basi. Mankhwalawa amathamangira kumene magazi akuyenda ochuluka, ndipo kansalu kokuta mfundo mkati kakakhala kotupa kamawamwa n'kuonekera poyera. Zonse zinatenga nthawi yosakwana ola. Ndinavala, n'kukwera minibasi ndekha.

Wojambula sanena zimene waona, musamuvutitse. Zithunzi amawerenga ndi dokotala wina wodziwa za zithunzi, n'kulemba lipoti. Ine anandipatsa lipotilo ndi CD, ndipo ndinabwerera nazo kwa adokotala anga. Anatsegula pa kompyuta n'kundilozera zinthu zitatu. Choyamba, kansalu kamene kamakuta mfundo mkati kanali katakhuthala ndi kuwala pamfundo ya dzanja ndi pamene zala zimayambira. Pa lipoti analemba synovitis. Chachiwiri, timatumba momwe mumadutsa mitsempha yokoka zala tinali totupa, ndiye chifukwa chake kufumbata kunkandivuta. Chachitatu ndi chimene anachedwapo: mkati mwa timafupa tiwiri ta padzanja munkaoneka madzi, chimene amati bone marrow oedema. Anati fupa lotere ndi limene kawirikawiri limadzadyeka matenda akalekereredwa. Langa linali lisanadyeke, n'chifukwa chake X-ray sinaone kanthu.

Komabe anandiuza kuti chithunzi pachokha sichigamula mlandu. Anthu ena abwinobwino, makamaka achikulire, amaonetsa kutupa pang'ono pa MRI popanda matenda. Ndiponso kwathu kuno mfundo imodzi yokha ikatupa kwa nthawi yaitali amayamba aganizira TB ya m'mafupa. Kwa ine chinatsimikiza nkhani ndi chakuti zithunzi zinagwirizana ndi zimene manja awo anamva pondifinya mfundo za manja onse awiri, pamodzi ndi kuuma kwa m'mawa kuja. Anawonjezera kuti sikani ya ultrasound, yotsika mtengo kwambiri, imatha kuona kutupa kwa kansalu kaja ngati woigwira ndi waluso. Chimene siiona ndi mkati mwa fupa. Ndikuona kuti amene ndalama zamuthina ayenera kufunsa za imeneyo kaye.

Anandiyeza chiwindi, hepatitis B, HIV ndi chifuwa, anatsimikiza kuti sindikufuna kutenga pakati, ndiyeno anandiyambitsa mankhwala a nyamakaziyi otchedwa methotrexate. Amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo amayenda ndi folic acid. Ndinafunsa ngati ndidzafunikenso kulowa m'makina aja. Anati kutsatira mmene mankhwala akugwirira ntchito adzachita powerenga mfundo zotupa ndi kuyeza magazi, ndipo MRI ina adzaiganizira pokhapokha zinthu zitapanda kumveka.