Mwezi wachinayi wa mapeji 15 patsiku, ndi mmene ndinaonongera mnzanga buku

Anzanga ndabweranso. Paja ndinalonjeza kuti mwezi ukamatha ndizilemba mmene kuwerengaku kukuyendera, ndiye uno ndi mwezi wachinayi, wachitatu uja ndinangodutsa osalemba kanthu ndipo musandifunse chifukwa kkkk.

Lamulo langa likadali lomwe lija, mapeji 15 patsiku ndisanagwire foni usiku. Poyamba paja ndinkati 30 koma sabata ziwiri zokha ndinaona kuti ndikudzinamiza, tsiku loti ndalephera ndinkangoti aaa mawa ndiwerenga 60, mawalo likafika buku ndikuliona ngati munthu amene ndili naye ngongole, kulizemba. 15 ndi ochepa moti ngakhale maso akulemera ndimakwanitsa, ndipo masiku ambiri ndikafika pamenepo nkhani imakhala yandigwira kale ndimangopitirira. Mu kope langa zikuonetsa kuti pa masiku 120 ndajomba 23. Mabuku amene ndamaliza ndi asanu, limodzi ndalisiyira panjira.

Limene landisowetsa tulo mwezi uno ndi I Will Try la Legson Kayira, linatuluka mu 1965. Dzina lake ndinkalimva kalekale koma ndinkaganiza kuti ndi mabuku aja olangiza achinyamata kuti limbikirani sukulu, ayi ndithu, ndi mbiri ya munthu amene mu 1958 anangonyamuka wapansi kuchokera ku Malawi kuti akupita ku America kukaphunzira, alibe pasipoti alibe chilichonse, mmanja muli Baibulo ndi buku la Pilgrim's Progress. Anayenda akugwira maganyu mnjira, zaka ziwiri, mpaka kukafika ku Khartoum. Pomwe ine ndinaika buku pansi nkuyang'ana kudenga ndi pamene ali ku Kampala, walowa mu laibulale, wapeza buku la mayina a makoleji a ku America, nkulembera kalata Skagit Valley College ya ku Washington, ndipo iwo nkumuyankha kuti bwera. Ndiye taganizani munthu wavutika mtunda wonsewo, chomwe chamutsegulira njira ndi buku loti ena amangolidutsa pa shelefu osalitsegula nkomwe.

Chifukwa cha iyeyo ndinati nane ndione kuti Pilgrim's Progress ili muli chiyani kuti munthu alinyamule ulendo wonse uja. Ndinalipeza pa Project Gutenberg, kumene amaika mabuku akale ulere, ndinalitsitsa pa foni. John Bunyan analitulutsa mu 1678, ndiye Chingerezi chake mukhoza kuganiza nokha. Ndinalimbana nalo masiku anayi. Vuto lina linali loti lili pa foni, ndiye uli pakati powerenga meseji yalowa, ukati ungoona kamodzi basi ola latha. Tsiku lachisanu ndinalitseka. Kale ndikanadzimva kulakwa, ndikanalikakamira mwezi wonse mpaka kudana ndi kuwerenga kumene, koma pano ndimati ndikuwerengera kusangalala, palibe mayeso akundidikira. Mwina ndidzalibwerera ndikadzapeza la mapepala.

Tsopano nkhani imene ndimafuna kukamba kwenikweni, yogawana mabuku ndi anzanga. Apa ndiye ndalakwitsa kangapo.

Koyamba ndinalemba mndandanda wautali wa mabuku khumi nkuponya pa gulupu yathu ya WhatsApp, lililonse ndalemba pambali kuti labwino kwambiri, musaliphonye. Anthu awiri anaika kachala kaja, wina nkufunsa za mpira, nkhani yathera pompo. Ndinakhumudwa pang'ono sindinama. Kenako ndinadzifunsa kuti ineyo munthu atanditumizira mayina khumi a zinthu zimene sindikuzidziwa ndingatani, ndithu nanenso ndingaike kachala nkupitiriza zanga.

Kachiwiri ndiye kochititsa manyazi. Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anandiuza kuti Things Fall Apart sanaliwerengepo, kusukulu ankangodalira manotsi a anzake. Ine ndiye ndinadumpha, amwene simungakhale moyo chonchi, buku la Chinua Achebe la 1958, lomwe linatsegula mndandanda wa mabuku a olemba a ku Africa wotchedwa African Writers Series mu 1962, inu osaliwerenga? Ndinamupatsa langa tsiku lomwelo. Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino, koma ine tsiku lililonse meseji, mwafika pati, mwafika pati. Tsiku lina atandiuza kuti akumukonda kamnyamata kaja Ikemefuna, pakamwa panga panangotuluka kuti mudikire muone zimene Okonkwo, mwini nkhaniyo, amuchite. Anangoyankha kuti "Amwene mwandionongera." Buku linabwerera sabata yotsatira, kapepala kosungira peji kali pa chaputala 6, sanafike nkomwe pamene ndinamuululira paja. Mpaka lero akandiona ndi buku amati musandiuze chilichonse.

Ndiye ndinakhala kaye chete, osauza munthu za buku lililonse pafupifupi sabata zitatu. Chimene chinandiphunzitsa ndi achemwali anga, ndipo iwo sankadziwa nkomwe kuti akundiphunzitsa. Tikucheza pa foni za zina, anangoti, "Iwe, ndikuwerenga za kamtsikana kena, makolo ake ndalama za fizi zangokwanira mchimwene wake, ndiye iko kalima munda wakewake kuti kapeze fizi, mchimwene uja nkumakabera zokolola nkumagawira anzake kusukulu." Anangothera pamenepo. Ine nkuti ndiye kenako? Iwo nkuseka, "Ubwere udzatenge ndikamaliza." Sananene kuti ndi labwino, sananene kuti wolemba wake ndi wotchuka, dzina la buku ndinachita kufunsa ndekha. Linali Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la 1988, ndipo ndinalimaliza masiku asanu ndi limodzi, lamulo la mapeji 15 lija ndinaliiwala nkomwe. Tambu, kamtsikana kolima kaja, ndinamumvera chisoni inde, koma amene wakhala akundizungulira mmutu ndi Nyasha, msuweni wake amene anakulira ku England nkubwerera kwawo asakukwanira kulikonse, ndi bambo a Nyasha, Babamukuru, munthu woti abale onse amamugwadira chifukwa ndiye amalipirira aliyense, koma mnyumba mwake momwe mpweya umachepa. Ine ndi achemwali tinakangana pafupifupi ola lathunthu ngati Babamukuru ndi munthu woipa kapena ayi. Iwo akuti ndi wankhanza basi. Ine ndikuti ndi munthu wosenza katundu wolemera amene sadziwa njira ina yomusenzera. Sitinagwirizane ndipo kucheza kokoma chonchi pa buku sindinakhalepo nako.

Ndinayesa njira ya achemwaliyi pa mnzanga wa kuntchito amene amanena yekha kuti buku lomaliza analiwerenga ali fomu 4. Sindinatchule buku. Pa nthawi yopuma ndinangomusimbira za munthu woyenda wapansi uja, mpaka pa laibulale ya ku Kampala, nkusiyira pomwepo ngati ndaiwala. Anandiyang'ana, "Ndiye anakafika?" Ndinati buku lili mchikwama. Analitenga. Ndipo ulendo uno ndinadzigwira, sindinafunse ngakhale kamodzi kuti wafika pati, ngakhale mtima unkandiyabwa zedi. Patatha sabata ziwiri anabwera yekha pa desiki yanga nkuyamba kundiuza zinthu zina zoti ine ndinaziwerenga mothamanga osaziona bwino.

Komanso ndaona kuti munthu umayenera kumudziwa kaye. Mnzanga wina amakonda zamagetsi, kumasula mawailesi ndi zotero, ndiye iyeyo kumupatsa nkhani ya mabanja nkungotaya nthawi. Ndinamuuza za William Kamkwamba, mnyamata amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi anabwereka buku lotchedwa Using Energy mu laibulale, nkuona chithunzi cha makina oyendera mphepo pa kava, nkupanga ake ndi zitsulo zotola ndi njinga yakale. Buku lake The Boy Who Harnessed the Wind analemba ndi Bryan Mealer, la 2009. Mnzangayo anati filimu yake anaionera kale, ine nkuti mbuku akufotokoza mmene ankalumikizira mawaya mwatsatanetsatane, basi pomwepo maso anatseguka. Ali nalo pano, ndipo sindikumufunsa.

Za kubwereketsa nazo. Ndayamba kulemba kumapeto kwa kope langa kuti buku lakuti lili ndi uje, tsiku lakuti, chifukwa chaka chatha awiri anapita osabwerera ndipo sindikumbukanso amene anatenga. I Will Try linabwerera kuchokera kwa mnzanga wa kuntchito uja kava itapindika, mkati muli mizere ya pensulo ndi timawu mmbali. Poyamba mtima unandipweteka, ine buku langa sindilemba ngakhale dzina. Koma nditayamba kuwerenga timawu take ndinapezeka ndabwereza machaputala atatu, pena walemba kuti "bodza ili", pena "ine ndikanabwerera pano", ndikuseka ndekha usiku. Sindinafufute.

Mwezi wachisanu ndikufuna ndiwerengeko la Chichewa, chifukwa asanu onsewa ndi a Chingerezi ndipo zikundichititsa manyazi pang'ono. Ndikusaka Nthondo la Samuel Josiah Nthara, la 1933, lomwe T. Cullen Young analimasulira mChingerezi nkulitcha Man of Africa, koma ine ndikufuna la Chichewa lenilenilo. Amene muli nalo ndibwerekeni chonde, ndilisamala, ndipo pensulo sindigwiritsa pokhapokha mutandilola. Mapeji akhalabe 15. Foni ndayamba kuisiya pa chaja kuchipinda china, tione ngati masiku ojomba achepe.