Musanalembetse digiri ya kompyuta, werengani mmene makosi ake amangiridwira

Anthu ambiri akafuna kusankha digiri ya kompyuta amathamangira kufunsa ngati kumeneko amaphunzitsa Python kapena Java, ziyankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta. Funso limeneli ndi laling'ono. Chiyankhulo chimene mudzayambire chaka choyamba mudzachiwonjezera ziwiri kapena zitatu musanamalize, ndipo pantchito mudzakumana ndi china. Chimene chimachititsa kuti wina amalize panthawi yake pamene mnzake akuwonjezera chaka chathunthu ndi kamangidwe ka makosi: kosi iti imatsegulira khomo iti, ndipo iti ikakugwetsani imatseka zitseko zingati kutsogolo. Zimenezi zimalembedwa m'buku la malamulo a yunivesite iliyonse, koma ndi ochepa amene amaliwerenga asanalembetse.

Tiyambe ndi mayina, chifukwa amasokoneza. Mu 2005 mabungwe a akatswiri a kompyuta otchedwa ACM, AIS ndi IEEE Computer Society anatulutsa chikalata chogawa maphunziro a kompyuta m'magulu asanu: computer science, computer engineering, software engineering, information systems ndi information technology. Chikalata cha 2020 chinawonjezerapo cybersecurity ndi data science. Computer science imafunsa kuti kodi vuto ili kompyuta ingalithetse, ndipo mwa njira iti yachangu. Masamu ake ndi ambiri. Computer engineering imalowa m'kati mwa makina enieniwo, choncho imadza ndi physics ndi maphunziro a zamagetsi. Software engineering imaika mtima pa kamangidwe ka mapulogalamu aakulu olembedwa ndi anthu ambiri. Information systems ili pakati pa kompyuta ndi kayendetsedwe ka mabungwe, ndipo kawirikawiri imakhala ndi makosi a akaunti ndi kasamalidwe ka bizinesi. Information technology imaphunzitsa kuika, kusamala ndi kuteteza ma network olumikiza makompyuta ndi maseva amene anthu akugwiritsa kale ntchito. Palibe mwa izi yoposa inzake, koma ndi ntchito zosiyana, ndipo mayunivesite sagwirizana kwenikweni pa katchulidwe. Digiri ina yotchedwa information technology ingakhale ndi masamu ochuluka kuposa ina yotchedwa computer science. Dzina lisakunyengeni. Tsegulani mndandanda wa makosi.

Kutalika kwa digiri kumayezedwa ndi ma credit. Ku America digiri yoyamba nthawi zambiri imakhala ya ma credit 120 m'zaka zinayi, ndiye kuti pafupifupi 15 pa semesita. Credit imodzi imawerengedwa ngati ola limodzi la m'kalasi ndi maola awiri owerenga pawekha sabata iliyonse, choncho semesita ya ma credit 15 ndi maola 45 pa sabata. M'maiko a ku Ulaya amene amatsatira mgwirizano wa Bologna wa 1999, ma credit amatchedwa ECTS, chaka chimodzi ndi ma ECTS 60, digiri yoyamba ndi 180 kapena 240, ndipo ECTS imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito. Ku England digiri yambiri ndi ya zaka zitatu, ku Scotland ya honours ndi ya zinayi. Manambala awa ndi ofunika kwa aliyense amene akuganiza zophunzira uku akugwira ntchito yolipidwa. Ndiponso m'makosi olemba mapulogalamu maola awiri aja sakwana: cholakwika chimodzi chobisika mu code chikhoza kudya madzulo onse.

Tsopano unyolo weniweni. Pafupifupi digiri iliyonse ya computer science ili ndi misana iwiri. Woyamba umayambira pa kosi yoyamba ya programming, kupita pa yachiwiri, kenaka data structures (njira zosungira deta mu pulogalamu), kenaka algorithms (njira zothetsera mavuto sitepe ndi sitepe). Wachiwiri umayambira pa computer organization, pamene mumaphunzira mmene purosesa ndi memory zimagwirira ntchito, kupita pa operating systems (mapulogalamu oyendetsa kompyuta yonse) ndi networks. Pambali pake pamayenda masamu: calculus, discrete mathematics, linear algebra, probability ndi statistics. Discrete mathematics imadzakumana ndi msana woyamba pa algorithms, ndipo data structures imafunika pafupifupi pa kosi iliyonse ya chaka chachitatu, kuphatikizapo databases ndi operating systems.

Taganizirani wophunzira amene walephera programming yachiwiri m'semesita yachiwiri ya chaka choyamba. Ngati kosiyo imaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, monga zimakhalira m'madipatimenti ang'onoang'ono, adikira miyezi 12 kuti aibwereze. Data structures isunthira chaka chachitatu, algorithms ndi operating systems zisunthira kutsogolo, ndipo pulojekiti yomaliza, imene imafuna kuti zonsezi zikhale zitatheka, igwera chaka chachisanu. Kosi imodzi ya ma credit atatu kapena anayi yadya chaka. Mayunivesite ambiri safunanso kukhoza chabe pa makosi otsegulira ena, amafuna giredi C kapena kuposa, moti munthu akhoza kupeza D, n'kuganiza kuti wadutsa, n'kupeza dzina lake lakanidwa polembetsa kosi yotsatira. Ndiye musanayambe, tengani pepala, lembani makosi onse okakamiza, jambulani muvi kuchokera pa kosi iliyonse kupita pa imene ikuidalira, ndipo pambali pake lembani semesita imene imaphunzitsidwa. Njira yaitali kwambiri ya mivi ndiyo yosayenera kuseweretsa. Makosi osankha mukhoza kuwasuntha mmene mungafunire, awa ayi.

Kosi imene ndikufuna muiganizire kwambiri ndi discrete mathematics, chifukwa ndi imene ophunzira amaiona ngati yopanda ntchito mpaka itawabwezera. Mulibe kompyuta mmenemo. Muli logic, ma set, kawerengedwe ka njira zosankhira zinthu, ma graph, ndi kutsimikizira mfundo polemba. Mudzauzidwa kuti mutsimikize kuti 1 + 2 + 3 mpaka n ndi chimodzimodzi n(n+1)/2, ndipo mudzafunsa kuti zikukhudzana bwanji ndi mapulogalamu. Nazi mmene zikukhudzirana. Mukalemba pulogalamu yoyerekeza dzina lililonse ndi linzake lililonse pamndandanda kuti mupeze obwerezedwa, kuyerekezako kuchitika ka n(n-1)/2. Pa mayina 1,000 ndi ka 499,500, kompyuta imaliza musanaphethire. Pa mayina 1,000,000 ndi pafupifupi ka 500 biliyoni. Makina oyerekeza ka 100 miliyoni pa sekondi atenga masekondi 5,000, kuposa ola limodzi ndi mphindi 20. Mukayamba mwasanja mayinawo ndi njira yotchedwa merge sort, kuyerekeza kukhala pafupifupi ka 20 miliyoni, ntchito yosakwana sekondi imodzi. Ndipo pamndandanda wosanjidwa, binary search, njira yofufuza pogawa mndandanda pakati nthawi iliyonse, ipeza dzina limodzi mwa miliyoni m'masitepe 20 okha. Mapulogalamu onse awiri, yoyerekeza mayina onse ndi yoyamba yawasanja, ndi olondola, onse amadutsa mayeso ang'onoang'ono a m'kalasi. Wodziwa masamu amaona kusiyana kwake asanalembe mzere ndi umodzi womwe. Wosadziwa amakuona makasitomala atayamba kale kudandaula.

Chimene chimagwetsa anthu pa kosi imeneyi si kuvuta kwa manambala. Ku sekondale masamu amakhala otsatira njira: ona mtundu wa funso, ika fomula, peza yankho. Kuno yankho mwapatsidwa kale, ntchito yanu ndi kuonetsa chifukwa chake lili loona nthawi zonse. Kuwerenga maumboni a m'buku n'kumagwedeza mutu sikuthandiza. Tsekani buku, lembani umboniwo nokha, mupeze pamene mwaima, ndipo pamenepo ndi pamene simunamvetse. Bungwe la ABET, limene limavomereza madigiri a kompyuta ku America ndi m'maiko ena, linaika kuti digiri ya computer science ikhale ndi ma credit osachepera 40 a computer science ndi 15 a masamu, ndipo discrete mathematics inatchulidwa ndi dzina. N'chifukwa chakenso polowa, mayunivesite ambiri amayang'ana giredi ya masamu kuposa kuti munayamba mwalembapo pulogalamu. Kosi yoyamba ya programming nthawi zambiri imayambira pa ziro, masamu sayambira pa ziro.

Phiri lachiwiri ndi operating systems, makamaka kumene amaiphunzitsa ndi chiyankhulo cha C. Mu Python kapena Java chiyankhulo chimakusamalirani memory. Mu C mumapempha memory nokha ndi lamulo la malloc, kubweza nokha ndi lamulo la free, ndipo mukalemba kupyola malire a array, mndandanda wa zinthu mu memory, palibe amene akuchenjezeni: pulogalamu ikhoza kuyenda bwinobwino lero n'kudzagwa mawa pamalo ena osakhudzana ndi cholakwikacho. Kenaka pamabwera ma thread, magawo a pulogalamu imodzi oyenda nthawi imodzi. Ntchito yodziwika ya m'labu ndi iyi: ma thread awiri, iliyonse ikuwonjezera 1 pa nambala imodzi ka 1,000,000. Mukuyembekezera 2,000,000, koma mukupeza nambala yochepa, ndipo mukayendetsanso mukupeza ina. Chifukwa chake n'chakuti kuwonjezera 1 ndi masitepe atatu, kuwerenga, kuwonjezera, kulemba. Ma thread onse awiri akawerenga 500 nthawi imodzi, onse alemba 501, kumodzi kwatayika. Mankhwala ake ndi loko yotchedwa mutex, koma maloko awiri otengedwa mosemphana amabala deadlock, pamene thread iliyonse ikudikira inzake mpaka kalekale. Musatenge kosi imeneyi m'semesita imodzi ndi ina yolemera pa mapulojekiti, monga compilers, ngati ndondomeko ikulolani kuzisiyanitsa.

Databases ndi yopepukirapo kwa ambiri, ngakhale ili ndi msampha wake. SQL, chiyankhulo chofunsira database, munthu amaigwira m'masabata ochepa, koma kukonza matebulo n'kumene kumafuna nzeru. Mukasunga nambala ya foni ya kasitomala m'mizere 40 ya maoda ake, tsiku limene adzaisinthe mudzakonza 39 n'kuiwala umodzi, ndipo database idzakhala ndi mayankho awiri pa funso limodzi. Normalization, njira yokonza matebulo kuti chinthu chimodzi chisungidwe pamalo amodzi, yochokera pa ntchito ya Edgar Codd amene anafotokoza relational model (kusunga deta m'matebulo olumikizana) mu 1970, inabwera kudzathetsa zimenezo.

Pa nkhani yokopera code, malamulo ndi okhwima kuposa mmene atsopano amaganizira. Madipatimenti ambiri amagwiritsa ntchito zida monga MOSS ya ku Stanford, zimene zimayang'ana kamangidwe ka pulogalamu, choncho kusintha mayina a ma variable, timalo tosungira deta mu code, sikubisa kanthu. Kawirikawiri wopereka code ndi wokopera onse amalangidwa. Pa zida za AI, kosi iliyonse ili ndi lamulo lake, funsani mphunzitsi sabata yoyamba. Koma ngakhale kumene amalola, maganizo anga ndi akuti pa programming yoyamba, yachiwiri ndi data structures muzilemba nokha. Makosi amenewa cholinga chake si pulogalamu yomalizidwayo, ndi maola amene mumathera mukusaka chifukwa chake loop yanu, gawo la code lobwerezabwereza, ikudumpha chinthu chomaliza. Mayeso olemba pamanja amaonetsa poyera amene anadutsa m'maola amenewo.

Chaka chomaliza chimakhala ndi pulojekiti yaikulu, ya semesita imodzi kapena ziwiri, ya munthu mmodzi kapena gulu. Zimene zimaiwononga n'zodziwika. Gulu limalonjeza zinthu khumi pamene nthawi ikukwana zitatu. Aliyense amalemba gawo lake payekha n'kudikira sabata yomaliza kuti alumikize, magawowo n'kukana kugwirizana. Lipoti, limene nthawi zambiri limatenga gawo lalikulu la malikisi, limayambidwa kutatsala masiku atatu. Gwiritsani ntchito Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa code ndi kuphatikiza ntchito ya anthu angapo, kuyambira tsiku loyamba, lumikizani magawo sabata iliyonse ngakhale akhale osakwanira, ndipo pofika pakati pa nthawi mukhale ndi kanthu kakang'ono koyenda kuchokera poyambira mpaka pomalizira. Lipoti muzilemba pamene mukumanga, zifukwa zimene munasankhira njira iyi kusiya inayo zikadali m'mutu.

Chomaliza kufufuza ndi kuvomerezedwa kwa digiriyo. Onetsetsani kuti yunivesite ndi yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko limene ili. Kuvomereza kwa pulogalamu yeniyeniyo n'kwina: ku Britain kumachitidwa ndi bungwe la BCS, ku America ndi ABET, ndipo mgwirizano wa Seoul Accord wa 2008 umalola mabungwe otere kuzindikirana. Ngati mukuganiza zodzasamukira ku yunivesite ina kapena kudzachita masters, sungani silabasi ya kosi iliyonse imene mwatenga, yokhala ndi mitu, maola ndi mabuku. Olandira ma credit sakhutira ndi dzina la kosi pa transcript, amafuna kuona zimene zinaphunzitsidwa, ndipo masters ya computer science kawirikawiri imayang'ana ngati munachita data structures, algorithms ndi discrete mathematics, kaya digiri yanu inkatchedwa chiyani.