Masipika a Corolla ya aphunzitsi

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto. Ndimagwirira ku Biwi, mu Lilongwe, pansi pa shedi yamalata yomwe timagawana ndi anzanga awiri, wina wa mainjini, wina wowongola. Masiku ambiri ndimalimbana ndi masitata, maalitaneta ndi magalasi a zitseko okana kukwera. Sabata yathayi inali ya masipika, ndipo galimoto imodzi yokha inanditengera masiku atatu.

Lolemba m'mawa kunafika Corolla ya 2003, yoyera koma itafiira ndi fumbi la Okutobala. Eni ake ndi bambo achikulire, aphunzitsi opuma ntchito, omwe amayenda kawirikawiri pakati pa tauni ndi kumudzi kwawo ku Dedza. Titapatsana moni anati, "Amisiri, wailesi yanga yasasa mawu. Munthu akamawerenga nkhani ndikumamva ngati akulankhulira m'chitini." Kenako anatsegula buti natulutsa bokosi latsopano la masipika akuluakulu oulungika ngati dzira, amene timawatcha 6x9. Pabokosipo panali palembedwa 1000W ndi zilembo zofiira zazikulu kuposa dzina la sipikayo. Anati mwana wawo ndiye anawagulira, ndipo anawauza kuti amenewa ndi amphamvu.

Ndinawapempha kuti bokosilo liyambe ladikira. Sindichotsa kanthu m'galimoto ndisanamve ndi makutu anga chomwe chikudwala. Ndinayatsa wailesi n'kuyamba kusuntha mawu ndi balance (kumanzere ndi kumanja) ndi fader (kutsogolo ndi kumbuyo), ngodya imodziimodzi. Kumbuyo kunkamveka bwinoko. Chitseko cha kumanzere chinkachita phokoso lonjenjemera ngati pepala lokodwa pa sipoko ya njinga. Cha dalaivala chinali zii.

Kutsegula chitseko cha galimoto ya zaka zopitirira 20 kumafuna mtima wodekha. Timakilipi tapulasitiki togwira chikuto cha mkati timakhala titauma ndi dzuwa, ndipo ukakoka mwaphuma timathyoka tonse. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndimamuuza kuti ayambe wafufuza masikuluu obisika kuseri kwa chogwirira ndi pansi pa mabatani a magalasi, kenako azikanula pang'onopang'ono kuyambira m'munsi. Ngakhale tinasamala chotero, tiwiri tinathyoka.

Sipika ya kumanzere inali yofanana ndi zambiri zomwe ndaziona m'magalimoto ochokera ku Japan. Mkombero wake wa siponji, umene umagwira pepala la sipika kuti lizipita kutsogolo ndi kumbuyo mosapotoka, unali utafumbwa. Nditaukhudza unangoyoyokera m'manja. Siponji imeneyi imatha yokha ndi ukalamba, ndipo kutentha kwa galimoto yoima padzuwa ndi chinyezi cha m'chitseko nthawi ya dzinja zimafulumizitsa. Mkombero ukatha koyilo imayamba kukhula maginito, ndiye kusasa kuja. Ya kwa dalaivala nayo inali yofumbwa, koma chimene chinaiziziritsa chinali china. Nditaika mita pa sipika yeniyeniyo inawerenga maohm (muyeso wa mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa) atatu ndi kanthu, momwe sipika yamoyo ya maohm 4 imawerengera. Vuto ndinalipeza m'kapaipi kalabala kodutsa mawaya kuchoka m'galimoto kulowa m'chitseko. Waya umodzi unali utaduka mkati, khungu lake likuoneka labwinobwino. Chitseko cha dalaivala ndicho chimatsegulidwa kwambiri, ndipo waya wopindidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezi umafika potopa. Tikanangoika sipika yatsopano osayeza, chitsekocho chikanakhalabe chete.

Tsopano panali nkhani ya bokosi lija, ndipo ndinafuna kuikamba mosanyozetsa mphatso ya mwana wawo. Ndinawaonetsa bowo la m'chitseko, lozungulira, la sipika ya masentimita 16. Sipika ya 6x9 singalowemo popanda kudula chitsulo, ndipo ine chitseko cha munthu sindidula chifukwa cha nyimbo. Kenako ndinatembenuza bokosi kufunafuna nambala ina yolembedwa RMS. Imeneyi ndiyo imanena mphamvu yomwe sipika ingalandire kwa nthawi yaitali osapsa. Nambala yaikulu ya kutsogolo ija imanena za kamphindi chabe, ndipo pa katundu wina imangolembedwa kuti ikope maso. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti sipika sipanga mphamvu, imangolandira. Wailesi ya galimoto, ngakhale yolembedwa 50W x 4, imatulutsa mawati osafika 20 oyera ku sipika iliyonse, ndipo wailesi yobwera ndi galimoto nthawi zambiri imachepera pamenepo. Ukaimangirira sipika yolemera yofuna ampu (chipangizo choonjezera mphamvu ya mawu), mawu amatuluka otsika, munthu n'kumakweza voliyumu mpaka kumapeto. Pamenepo wailesi imayamba kutulutsa mawu ophwanyika, ndipo mawu ophwanyikawo ndi amene amaotcha matwita, timasipika ting'onoting'ono ta mawu opyapyala.

Aphunzitsi anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso lomwe ndimalakalaka kasitomala aliyense atafunsa: "Nanga pa wailesi yangayi, yoyenera ndi iti?" Ndinawafunsa zomwe amamvera. Anati nkhani, mauthenga a maliro, ulaliki, ndi makwaya a kumpingo kwawo omwe ali pa fulashi. Munthu wotere safuna galimoto yogunda mpaka nambala puleti kunjenjemera. Amafuna kumva dzina la mudzi ndi la mfumu polengeza maliro, galimoto ili pa liwiro, magalasi ali otsegula.

Lachiwiri ndinapita kukagula, nditanyamula sipika yakale m'chikwama. Ndisananyamuke ndinatsitsa galasi la chitseko mpaka pansi n'kuyeza kuya kwa malo kuchokera pachitsulo kufika pagalasi. Muyeso umenewu anthu amauiwala, ndiye amaika sipika ya maginito aatali, galasi likamatsika n'kumagunda. M'mashopu a ku Malangalanga ndi m'tauni masipika ndi ambiri, koma kusankha kumafuna manja. Pali ena olembedwa mayina a makampani otchuka koma ali achinyengo. Ukawanyamula amapepuka, ndipo ukasuzumira pansi pa chivundikiro chachikulu cha kumbuyo umapeza kamaginito kochepa. Ine ndimayang'ana zinthu zochepa: maohm 4, mkombero walabala osati wa siponji, koni (pepala la sipika lija) yapulasitiki yosaopa madzi, ndi nambala ya sensitivity yolembedwa ndi dB. Nambala imeneyi imanena kukwera kwa mawu pa mphamvu yochepa. Kusiyana kwa 3 dB kumafanana ndi kuwirikiza kawiri mphamvu ya wailesi, choncho pa wailesi yopanda ampu sipika ya 91 dB imaposa ya 88 dB ngakhale ya 88 ikhale yodula. Ndinatenga awiri a masentimita 16 okhala ndi katwita pakati, osazama kwambiri.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera minibasi ya Hiace, wailesi yake itafa mbali imodzi ndipo ikununkha kupsa. Pansi pa mipando ndinapeza masipika atatu atalumikizidwa pa mawaya awiri omwewo. Awiri a maohm 4 ukawaphatikiza motero amasanduka maohm 2, ukaonjeza yachitatu amatsikanso, ndipo wailesi wamba imatentha mpaka IC yake, kachipangizo kokweza mawu m'kati mwake, kupsa. Dalaivala ankafuna ndingoika wailesi ina n'kubwezera mawaya momwe analili. Ndinati, "Achimwene, ndikatero mubweranso mwezi uno usanathe." Anati akaganiza kaye, ndipo sanabwerenso sabata yonseyo.

Lachitatu ndilo linali tsiku la ntchito yeniyeni. Masipika a m'zitseko za Corolla imeneyi sanamangidwe ndi masikuluu. Anakhomedwa ndi mariveti atatu, ndipo sipika ndi chimango chake chapulasitiki ndi chinthu chimodzi. Tinaboola mariveti ndi dirilo, ndikugwira nsalu kuseri kuti zidutswa zisagwere m'chitseko n'kumakalira m'tsogolo. Mabowo a sipika yatsopano sagwirizana ndi atatu aja, choncho pamafunika mphete yolumikizira. Zapulasitiki zopangidwa kale zimapezeka mwa apo ndi apo. Ine ndinajambula chimango chakale pa pulayiwudi n'kudula mphete ziwiri, kenako ndinazipaka penti ya mafuta mbali zonse mpaka m'mphepete. M'chitseko mumadutsa madzi mvula ikamagwa, ndipo thabwa losapaka limafufuma dzinja limodzi lokha. Dzuwa la Okutobala linatithandiza kuumitsa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachitenga ngati theka la ntchito yonse, ngakhale kasitomala sachiona. Sipika imakankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi. Pakakhala mpata pakati pa sipika ndi mphete, kapena pakati pa mphete ndi chitsulo, mpweya wa kumbuyo umazembera kutsogolo n'kufafaniza besi. N'chifukwa chake sipika yoikidwa pa tebulo imalira mopyapyala, koma yomweyo ikakhala m'bokosi imamveka yonenepa. Chitseko ndicho bokosi lake. Ndinamata siponji yopyapyala mbali zonse ziwiri za mphete ndisanamange, ndipo ndinamanga masikuluu mosinthanasinthana kuti chimango chisapindike.

Tili mkati mwa ntchito magetsi a pashedi anathima. Ndili ndi kachitsulo kowotcherera ka mavoti 12 kamene ndimakalumikiza ku batire, ndiye ntchito sinaime. Waya woduka uja sindinaulumikize pamalo opindika pomwepo, chifukwa mfundo yowotcherera ndi youma ndipo ikanathyokanso. Ndinalowetsa chidutswa chatsopano chodutsa kapaipi konse, mfundo imodzi ili m'chitseko, ina ili mkati mwa galimoto. Nditasolola wailesi kuti ndione kuseri, ndinapeza kabokosi kosinthira masiteshoni. Mawailesi akale a ku Japan amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene masiteshoni athu ambiri ali pamwamba pa 90, ndiye pamaikidwa kabokosi kameneka pa waya wa eriyo. N'chifukwa chake nambala yooneka pa wailesi imasiyana ndi yomwe muulutsi amatchula. Amene anakaika anangopota mawaya ndi manja n'kukulunga tepi, ndipo tepiyo inali itamatuka ndi kutentha. Ndinawotcherera zonse.

Chitseko cha kumanzere ndinasiyira mnyamata wanga. Titayatsa, mawu anamveka oyera koma opanda thupi, ngati kwaya yopanda amuna. Ndinamuuza kuti asakhudze kanthu, angopotoza balance mpaka mbali imodzi. Besi inabwera. Atabwezera pakati inathawanso. Apa anazindikira yekha kuti watembenuza mawaya, ndipo sipika imodzi ikukankha pamene inzake ikukoka. Ndinamupatsa batire laling'ono la tochi la mavoti 1.5 n'kumuonetsa njira yomwe inenso ndinaphunzitsidwa: ukagunditsa mawaya a sipika pa batire, koni ikatulukira kunja, waya umene uli ku mutu wa batire ndiwo positive. Kuseri kwa wailesi yogula mitundu ya mawaya imathandiza, woyera kutsogolo kumanzere, wotuwa kutsogolo kumanja, wobiriwira ndi wapepo kumbuyo, wa mzere wakuda kukhala negative. Koma mawaya a m'chitseko obwera ndi galimoto ali ndi mitundu yawoyawo, ndiye ndi bwino kuyeza kusiyana ndi kuloweza. Anakonza, ndipo nkhope yake itamva besi ikubwerera inandisangalatsa kuposa ndalama ya tsikulo.

Tisanatseke tinatokosa timabowo ta pansi pa zitseko totulutsira madzi, tomwe tinali titatsekeka ndi dothi. Tinamatanso pepala lapulasitiki lotchinga chinyezi, limene amisiri ena amangoling'amba n'kutaya. Tinakweza ndi kutsitsa magalasi kangapo, osagunda kanthu.

Lachinayi linapita ndi alitaneta ya lole ndi Probox ya mayi wina wogulitsa nsalu. Iwo ankafuna besi, koma masipika a Probox ndi a masentimita 10, ali pa dashibodi. Ndinawauza kuti atsopano ayeretsa mawu, koma kasipika kotero sikangagunde, ndipo besi yeniyeni ifuna bokosi ndi ampu zomwe zidzadya malo a katundu. Anayang'ana mabelo awo kumbuyo n'kusankha malo a katundu. Tinasintha awiri a pa dashibodiwo basi.

Aphunzitsi anabwera Lachisanu chakumasana. Ndinawapempha kuti akhale pampando wawo, atseke zitseko, ayatse okha. Nkhani zinali zili mkati. Anamvetsera osalankhula, kenako anatsitsa voliyumu kuchoka pomwe anazolowera, n'kutsitsanso. Anaika fulashi yawo, kwaya inayamba, ndipo patapita kanthawi anati, "Kodi anthu a besiwa analimo m'nyimbo imeneyi nthawi yonseyi?" Za masipika a m'bokosi aja anafunsa ngati tingawaike kumbuyo. Ndinati n'zotheka, koma a kumbuyo akadali amoyo, ndipo aakuluwo adzakokera mawu kumsana kwawo pamene iwo amakhala kutsogolo. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti akawabwezera mwana wawo, yemwe ali ndi galimoto yake yokhala ndi ampu. Masipika akale ofumbwa aja anawatenganso, ati akamuonetse.

Loweruka m'mawa foni inalira ndikutsegula shedi. Anali aphunzitsi aja, ataima pa Linthipe. Anati mawu ali bwino kwambiri, mauthenga onse awamva osatseka magalasi, koma chitseko cha kumanzere chikuchita kaphokoso galimoto ikagunda bampu. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi malo a timakilipi tiwiri tinathyoka Lolemba tija, chifukwa tomwe ndinaikapo tinali tochotsa pa galimoto ina ndipo kamodzi kanalowa molobodoka. Ndinawauza kuti akadzabwerako Lolemba adzadutse, palibe cholipira. Nditadula foni ndinatuma mnyamata kukafuna timakilipi tatsopano ta Toyota, paketi yonse.