Zimene mabokosi a spreadsheet anandionetsa za ntchito zapakhomo

Pamene tinayamba phunziro la spreadsheet, tsamba la mabokosi lowerengetsera manambala, pa kosi ya kompyuta imene ndimachita Loweruka lililonse kuno ku Salima, aphunzitsi anatipatsa ntchito yowerengetsera malipiro a antchito a kampani yongopeka. Ndinailemba bwinobwino ndipo ndinakhoza, koma pofika Lachitatu ndinali nditaiwala ngakhale chizindikiro chimene fomula, lamulo louza kompyuta zoti iwerengetse, imayambira. Zinthu zinayamba kukhazikika m'mutu mwanga tsiku limene anatiuza kuti aliyense asankhe chinthu cha m'moyo wake weniweni n'kumachilemba kwa milungu inayi. Anzanga ambiri anasankha ndalama za geni, wina anasankha mtengo wa usipa ku Senga Bay, koma ine ndinasankha ntchito zapakhomo chifukwa panali funso limene linkandisowetsa mtendere. Ndimaweruka 4 koloko madzulo ku shopu kumene ndimagwira ntchito pafupi ndi Kamuzu Road, ndipo sindigona isanakwane 10 koloko, komabe mabuku anga ankakhala masiku atatu osatsegulidwa. Ndinkadziona ngati waulesi, ndipo ndinkafuna kudziwa ngati ulesiwo unalidi woona.

Aphunzitsi anatifotokozera kuti pulogalamu yoyamba ya mtundu umenewu imene inafala pa makompyuta a anthu wamba inali VisiCalc, yopangidwa ndi Dan Bricklin ndi Bob Frankston mu 1979, ndipo Excel inabwera mu 1985. Bricklin anali wophunzira za bizinesi ku Harvard, ndipo chimene chinkamutopetsa n'chakuti nambala imodzi ikasintha, munthu ankayenera kuwerengetsanso tsamba lonse ndi manja. Nkhani imeneyi inandithandiza kumvetsa kuti spreadsheet si kope lokongola chabe, koma ndi tsamba limene mabokosi ake amamvana, kotero kuti ukasintha limodzi ena onse odalira ilo amasinthanso okha. Popeza ndilibe laputopu, ndinagwiritsa ntchito Google Sheets pa foni, ndipo ndinaitchera kuti izitseguka ngakhale bandulo itatha kapena netiweki itavuta.

Tsamba langa loyamba linali la munthu wofuna kugometsa aphunzitsi. Linali ndi mizere yotsika khumi ndi iwiri: tsiku, dzina la ntchito, nthawi yoyambira, nthawi yomalizira, kufunika kwake, mmene ndinkamvera m'thupi, ndi zina zimene ndikuchita nazo manyazi kuzitchula. Pa foni ya sikirini yaing'ono, manja ali ndi thovu la sopo kapena phulusa la pa mbaula, kudzaza mabokosi khumi ndi awiri pa ntchito iliyonse kunasanduka ntchito ina yapakhomo yowonjezera. Tsiku lachitatu ndinafafaniza zambiri n'kutsala ndi mizere inayi yokha, ya tsiku, ntchito, woigwira ndi mphindi. Masana ndinkalemba pa kapepala kamene ndinkakapanikiza pawindo la kukhitchini, ndipo usiku ndinkasamutsira zonse mu foni kamodzi.

Zolakwitsa zimene ndinachita ndi zimene zinandiphunzitsa kwambiri, ndipo ndizifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndikudziwa kuti anzanga ena zikuwachitikira. Kumapeto kwa mlungu woyamba ndinalemba =SUM(D2:D48), fomula yophatikiza manambala onse a mu mzere wa mphindi, m'bokosi la pansi, ndikuyembekezera nambala yaikulu, koma yankho linabwera 0. Ndinazimitsa foni, ndinaiyatsanso, ndinaganiza kuti pulogalamu yaonongeka. Chimene chinachitika n'chakuti m'bokosi lililonse ndinkalemba kuti “mphindi 40” kapena “mphindi 15”, ndipo kompyuta ikaona mawu pafupi ndi nambala imatenga zonsezo ngati mawu, osaziwerengera. Chizindikiro chake chinali pamaso panga nthawi yonseyi, chifukwa mawu amatsamira kumanzere kwa bokosi pamene manambala amatsamira kumanja, ndipo anga onse anali kumanzere. Ndinakhala pakhonde usiku umenewo, m'kutentha kwa Okutobala, n'kumafafaniza liwu lakuti mphindi m'mabokosi 47, limodzi ndi limodzi, udzudzu ukundiluma m'miyendo.

Vuto lachiwiri linali la masiku. Ndikalemba 3/11 potanthauza pa 3 Novembala, tsamba linkaona ngati ndi pa 11 Malichi, chifukwa linali lotcheredwa kuti lizitsatira kalembedwe ka ku America kamene kamayamba ndi mwezi. Vuto lachitatu ndi limene linandipusitsa kwambiri. Nditaphunzira SUMIF, imene imaphatikiza manambala a ntchito imodzi yokha, ndinalemba =SUMIF(B:B,"madzi",D:D) ndipo inandipatsa nambala yochepa kuposa mmene msana wanga unkandiuzira. Nditafufuza ndinapeza kuti kwina ndinalemba “madzi”, kwina “kutunga”, kwina “kumjigo”, ndipo kwina foni inaonjezera mpata kumapeto kwa liwu, umene maso saona koma fomula imauona. Mankhwala ake anali kupanga mndandanda wa ntchito zisanu ndi zinayi wongosankhapo, kuti ndisamalembenso dzina la ntchito ndi manja.

Manambala atakhala bwino, yankho la funso langa linaonekera. Pa mlungu wachiwiri, madzi okha anatenga mphindi 630, amene ndi maola khumi ndi theka, pamene kuwerenga kunatenga mphindi 190, maola atatu ndi mphindi khumi. Kuphika kunali kwachiwiri, kenako kuchapa, kutsuka mbale, kusesa, kukolopa ndi ulendo wa kuchigayo. Chimene chinandidabwitsa si kuchuluka kwa maulendo a kumjigo, chifukwa timatunga zigubu zitatu za malita 20 tsiku lililonse ndipo mtunda wake si wautali. Chinali kusiyana kwa mphindi pakati pa ulendo ndi ulendo. Masiku amene ndinapita nditaweruka kuntchito, ulendowo unkatenga ola ndi theka kapena kupitirira, chifukwa nthawi imeneyo mudzi wonse umakhala uli pamzere, ndipo m'chilimwe, zitsime za m'makomo zikauma, mjigo umodzi umatumikira anthu amene miyezi ina sabwerako. Tsiku limodzi limene ndinapita m'bandakucha, ndinabwerako patangotha mphindi 35. Zimenezi amayi anga akuzidziwa kuyambira kale, ndipo atamva anangoseka, koma ine sindinaziikirepo mtima kufikira nditaona manambala awiriwo atayandikana.

Mzere wa woigwira ntchito unabweretsa nkhani imene sindinaikonzekere. Pakhomo pathu tilipo atatu, amayi, ine ndi mchimwene wanga wamng'ono amene ali Fomu 3. Nditagwiritsa ntchito COUNTIF powerenga kuti dzina la aliyense likupezeka kangati, la mchimwene wangayo linapezeka kanayi kokha pa mlungu wonse, ndipo kawiri mwa kanayiko kunali kukagula makala. Ndinamuonetsa foni tikudya nsima. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Achemwali, ndiye mwayamba kundilemba ngati apolisi?” Amayi anamuyankha kuti, “Iwe, palibe amene wakunamizira apa, njinga uli nayo koma zigubu zimabwera pamutu pa mlongo wako.” Ndiyenera kunena mosabisa kuti tsambalo silinamuchitire chilungamo chonse, chifukwa ine ndinkalemba zimene ndaona ndi maso anga, ndipo kumangirira mbuzi kapena kukonza mpanda masana ine ndili kushopu sizinalowemo. Ngakhale ntchito za amayi zambiri, monga kupeta mpunga ndi kusankha nyemba, sindinkaziona ngati zoyenera kulembedwa mpaka iwo eni atandifunsa kuti nanga zimenezo amagwira ndani. Spreadsheet imawerengera molondola zimene waipatsa, koma wosankha zoti zilembedwe ndi munthu, ndipo ine ndinasankha mokondera mbali yanga.

Tinagwirizana kuti mchimwene wanga azitunga zigubu ziwiri pa njinga m'mamawa asanapite kusukulu, ine ndizitunga chimodzi, ndipo kuchapa kwa pakati pa mlungu ndinakusamutsira Lamulungu madzulo. Nthawi yowerenga ndinaichotsa usiku, pamene maso amakhala atalemera ndipo magetsi amakonda kuzima, n'kuiika kuyambira 4:30 mpaka 6 koloko madzulo, dzuwa likadalipo, nthawi imene kale ndinkaithera pamzere. Pa mlungu wachinayi kuwerenga kunafika mphindi 480. Sindinakwanitse masiku onse, chifukwa Lachinayi kunali maliro kwa aneba ndipo bokosi la tsiku limenelo linakhala lopanda kanthu. Poyamba ndinali nditatchera tsambalo kuti bokosi lililonse lopanda kanthu lizisanduka lofiira, koma ndinachotsa mtunduwo nditaona kuti ukundichititsa kudziimba mlandu chifukwa chokhala pasiwa, chinthu chimene sindingachisiye chifukwa cha mabuku.

Pa tsiku lopereka ntchitoyi, aphunzitsi anandifunsa pamaso pa kalasi kusiyana kwa SUMIF ndi COUNTIF, ndipo ndinayankha osayang'ana m'kope, chifukwa yoyambayo ndi imene inandiuza maola a kumjigo ndipo yachiwiriyo ndi imene inakwiyitsa mchimwene wanga. Anandiuzanso kuti ndikanatha kupeza mayankho onsewo nthawi imodzi pogwiritsa ntchito pivot table, chida chosonkhanitsa manambala m'magulu, imene tiyamba kuphunzira mwezi wamawa, ndipo tsamba lomweli ndi limene ndidzayeserepo.

Panopa sindilembanso tsiku lililonse. Ndimalemba mlungu umodzi pa mwezi, kapena zinthu zikasintha pakhomo, ndipo zasinthadi tsopano. Mvula yayamba, tikutchera madzi a padenga m'migolo iwiri, ndipo mphindi za kumjigo zatsika kwambiri, koma amayi anena kale kuti kuyambira Loweruka likubwerali tonse tizikhala kumunda dzuwa lisanatuluke, ine ndizichoka 8 koloko kupita ku kosi. Dzulo ndawonjezera kupalira pa mndandanda wa ntchito, ndipo mchimwene wanga wapempha kuti maola a kumunda azilemba ndi iye.