Buku ndalemba, nanga alisindikize ndani?

Nditamaliza kulemba buku langa, ndinayamba kugogoda pa zitseko za makampani osindikiza mabuku, poti ndiyo njira imene ndinkaidziwa kuyambira kale. Makampani akuluakulu ambiri salandira buku kuchokera m'manja mwa mlembi. Amafuna lidzere kwa ejenti, munthu wokugulitsira bukulo kwa osindikiza, ndipo ejentiyo kawirikawiri amatenga 15 peresenti ya ndalama zimene mlembi wapeza. Ang'onoang'ono ambiri amalandira okha. Ndinakonza kalata yodziwitsa bukulo, chidule cha nkhani yake ndi mitu yoyambirira, n'kutumiza. Kenako kudikira. Ena anayankha patapita miyezi, ena zii mpaka lero.

Nthawi yodikirayo ndinaigwiritsa ntchito powerenga momwe mgwirizano wa mlembi ndi wosindikiza umakhalira, ndipo apa m'pamene nkhani yonse yagona. Kampani yeniyeni imalipira zonse: mkonzi, wojambula chikuto, kusindikiza ndi kufikitsa buku m'masitolo. Nthawi zina imapereka ndalama zoyambira, zija amati advance, koma si mphatso. Mlembi salandiranso kanthu mpaka gawo lake pa mabuku ogulitsidwa litakwana ndalama anapatsidwazo, ndipo gawolo pa buku la pepala nthawi zambiri limazungulira pa 10 peresenti. Kuchokera tsiku losainirana mpaka buku kuoneka pa shelefu pamatha chaka, mwinanso ziwiri. Chimene ndinachiyang'anitsitsa ndi maufulu. Kodi akutenga ufulu wosindikiza wokha, kapena ndi womasulira m'zilankhulo zina ndi wopanga buku lomvetsera? Kodi ndi wa dziko limodzi kapena dziko lonse lapansi? Nanga buku likasiya kugulidwa, ufuluwo ubwerera kwa ine liti? Mgwirizano wopanda yankho pa funso lomalizali ndi woopsa, chifukwa buku likhoza kufera m'manja mwa ena iwe uli maso.

Kampani ina inandiyankha mwachangu, kuyamikira bukulo ndi mawu okoma kwambiri, koma kumapeto kwa kalata inapempha kuti ndilipire ndalama zosindikizira. Ndinakana. Munthu akamadzitcha wosindikiza buku lako, ndalama ziyenera kuchoka kwa iye kubwera kwa iwe. Zimandiwawa kuona alembi atsopano akukhuthula matumba awo kwa anthu otere, n'kutsala ndi makatoni a mabuku pansi pa bedi, ufulu atapereka kale.

Ndiyeno ndinayang'ana njira yodzisindikizira. Kampani ya Amazon inatsegula Kindle Direct Publishing, malo a pa intaneti odzisindikizirapo mabuku, mu 2007, ndipo pa buku la pa intaneti mlembi amalandira 35 kapena 70 peresenti, malinga ndi mtengo umene waika komanso dziko limene wogula ali. Buku la pepala amalisindikiza pokhapokha wina akaligula, choncho palibe zounjika mabuku m'nyumba. Zimakoma kumva, koma ntchito zonse zija kampani ikanagwira zimagwera iwe, ndi ndalama zako.

Ndinasankha njira imeneyi, osati chifukwa ndinatopa kudikira, koma chifukwa cha mtundu wa buku langa. Owerenga ake ndi ochepa ndipo ndimadziwa kumene amapezeka. Kampani yaikulu singaone phindu pa gulu lochepa chonchi, pamene ine ndikhoza kuwafikira ndekha. Likanakhala buku lofuna kufika m'masukulu ndi m'masitolo ambiri, ndikanapirira n'kupitiriza kugogoda.

Ndalama yoyamba ndinaiika pa mkonzi. Izi sindinyengerera aliyense: maso a mlembi amawerenga zimene ankafuna kulemba, osati zimene zili papepala. Mkonziyo anandibwezera mutu wina atalemba m'mbali kuti ndime zitatu zikunena chinthu chimodzi, ndipo zinali zoona. Chikuto ndinapatsa wodziwa ntchitoyo, ndipo tinachichepetsa pa foni mpaka kukula ngati chikhadabo, kuti tione ngati dzina la buku likuwerengekabe, popeza ogula ambiri amachiona chili chotero.

Panatsala ISBN, nambala yozindikiritsa buku, imene kuyambira 2007 imakhala ndi manambala 13. Amazon imapereka yaulere, koma imagwira ntchito kwa iwo okha. Ine ndinatenga yanga ku bungwe lopereka manambalawa, kuti dzina la wosindikiza likhale langa ndiponso kuti ndiike bukulo pa IngramSpark, kumene masitolo ndi malaibulale amaitanitsira mabuku.

Ndisanalole kuti liyambe kugulitsidwa, ndinaitanitsa buku limodzi loyesera. Nditalitsegula ndinapeza mizere yayandikira kwambiri pakati pomwe masamba amamatirana, moti kuti uwerenge mawu akumapeto unkayenera kulikanula mwamphamvu. Pa kompyuta zimenezi sizinkaoneka. Tinakulitsa mpata wa mkatiwo, ndinaitanitsa lina, ndinaliwerenga lonse ndi pensulo m'manja, kenako ndinavomereza kuti lituluke.