Dzina la webusaiti yathu linapita ku Joni

Gulu lathu la alimi a kachewere kuno ku Lizulu linapangitsa webusaiti kuti ogula a ku Blantyre ndi ku Lilongwe aziona mitengo asanatumize lole. Mnyamata amene anatipangira ntchito ankaidziwa, pamenepo sindimunena. Koma domain name, dzina lija timalemba pamwamba pofuna kutsegula tsamba, analembetsa ndi imelo yake ndi nambala yake, kenako anakwera basi ya ku Joni. Chaka chitatha, uthenga wokumbutsa kulipira unapita kwa iye, ife tili phee. Tinadzazindikira tsamba lathu litadzaza zotsatsa za anthu osawadziwa, pomwe dzinalo tinali titalilemba kale pachikwangwani m'mbali mwa M1.

A tcheyamani anakalipa kuti, "Si tinagula kale chimenechi?" Ayi bambo, dzina la pa intaneti siligulidwa mpaka kalekale. Lili ngati benchi ya pamsika: umalipira chaka ndi chaka, ukasiya amapatsa wina. Ndipo mwini wake ndi amene analembedwa m'kaundula, ngakhale ndalama zitachokera m'thumba la gulu.

Makompyuta okha safuna mayina, amapezana ndi manambala otchedwa IP address. Dongosolo la DNS, lomwe linayamba mu 1983, ndi limene limatenga dzina n'kulozera nambala yake. Ubwino wake ndi woti mukhoza kusamutsa webusaiti kupita ku kampani ina, nambala n'kusintha, koma makasitomala n'kumakupezanibe ndi dzina lomwelo. Ife mafayilo ndi zithunzi zonse zinalipo. Chinasowa ndi dzina basi, ndipo zinali zokwanira kutitayitsa ogula.

Chinanso chimene ndimauza anzanga ndi chakuti dzinali muziliwerenga kuchokera kumapeto. Chomalizira .mw ndi cha Malawi. Mukangodumpha msewu pano pa Lizulu muli ku Mozambique, kwawo ndi .mz, ku Zambia .zm, ku South Africa .za. Maofesi a boma amathera ndi gov.mw, mayunivesite ac.mw, mabizinesi ambiri co.mw. Pomwe .com, yomwe inayamba mu 1985, aliyense padziko akhoza kulembetsa lero lomwe. Ndiye akakutumizirani linki pa WhatsApp yoti boma likugawa ndalama kapena feteleza, yang'anani mawu otsiriza musanafike pa kamzere koyamba kopendekera pambuyo pa dzinalo. Akuba amaika mawu oti Malawi kapena gov koyambirira, podziwa kuti maso athu amathera pomwepo.

Dzina latsopano tinasankha lalifupi, loti munthu ukamuuza pafoni amalemba osafunsanso, lopanda manambala kapena timizere pakati. Linalembetsedwa m'dzina la gulu, ndi imelo ya gulu. Pasiwedi ili ndi mlembi ndi msungichuma, ndipo tsiku lolipira tinalilemba m'buku la maminitsi, tsamba limodzi ndi tsiku lobweza ngongole ya mbewu.