Chingwe cha agogo ndi azakhali a ku Brazil

Agogo anga aamuna ankagwira ntchito pa kalabu ina ya azungu a m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, dzikoli lidakali Nyasaland. Masana ankapukuta matambula, koma usiku wa sewero ntchito yawo inali kukoka chingwe cha katani. Ankati chinali cha khonje, chokhakhala, chosiya matuza m'manja.

Sewero limene sankaliiwala linali la bwana wina wamimba amene anavala diresi lakuda n'kumadzitcha azakhali ochokera ku Brazil. "Mdzukulu wanga, ndinachita kuluma malaya kuti phwete lisamveke," ankatero.

Nditakula ndinalizindikira: ndi Charley's Aunt, lolembedwa ndi Brandon Thomas. Linayamba kuonetsedwa ku England mu 1892, ndipo ku London linaseweredwa maulendo 1,466 motsatizana. Silifuna zambiri, bola papezeke mwamuna wolimba mtima wovala diresi, n'chifukwa chake magulu ongosewera mwachisangalalo ankalikonda.

Chimene chimandiwawa n'chakuti agogo analionera chammbali, ataimirira kuseri, poti mipando inali ya azungu okhaokha. Komabe kayendedwe ka azakhaliwo ankakatsanzira pakhonde mpaka ukalamba wawo, atafunda chitenje cha agogo aakazi, ife tikugubuduka ndi kuseka.